A Zgambo ndi Malungo Osamva Mankhwala

A Wedson Zgambo tinawaika m'manda Lachinayi lapitali kwawo ku Tembwe, mvula ikuwaza. Anthu a kumudzi anabwera ambiri, a kutchalitchi kwawonso anabwera ndi nyimbo zawo. Koma mwa anthu onse a maudindo amene mdalayu anawaphunzitsa kwa zaka zambirimbiri, amene tinaima pamandapo tinali awiri basi: ine, namwino amene ndinagwira nawo ntchito, ndi a Goma, khansala wopuma, amene anafika wapansi nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Enawo sikuti anakana kubwera. Kungoti kuno kulibe. Anasamutsidwa kalekale, wina ku Ndola, wina ku Mongu, wina sitidziwa n'komwe kumene ali. Angapo anatumiza mauthenga a pafoni opepesa.

Ntchito yawo yeniyeni a Zgambo inali ya mu labu. Anatha zaka zawo atawerama pa maikulosikopu, makina aja oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, mpaka phewa lawo lamanja linatsika kuposa linzake, ndipo diso lamanzere linazolowera kutsinzina ngakhale akungokupatsa moni. Atapuma pa ntchito anayamba kuitanidwa kuti azithandiza pa maphunziro a anthu amene amagamula za umoyo kuno ku Chama: makhansala, oyang'anira zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndi a m'makomiti oona za miliri. Cholinga cha maphunzirowo chinali chosavuta kunena. Munthu asanalamule kuti mankhwala apite uku, galimoto ipite uko, ayambe wafufuza umboni, auwerenge, aumvetse. Kuchita kwake ndiye kunali kwina.

Aphunzitsi ena ankachokera ku Lusaka ndi makompyuta, n'kumaonetsa zithunzi pakhoma magetsi akakhalapo. A Zgambo ankabwera pa njinga, kumbuyo atamangirira thumba lakale la ufa lodzaza mabuku a odwala amene anabwereka m'zipatala za kumidzi, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali. Sankakhala pa tebulo la kutsogolo. Ankayendayenda pakati pa mipando, mtedza wokazinga uli m'thumba la jekete, n'kuika buku patsogolo pa munthu aliyense, kaya ndi wamkulu chotani, amvekere peza mwezi umene kutsekula m'mimba kunayamba, ndiponso mudzi umene kunayambira. Munthu akayankha mofulumira ankamufunsa ngati zimenezo waziona m'bukumo kapena wangozimva. Ankakonda kunena kuti mphekesera nayonso ndi wodwala, iyenera kuyezedwa isanapatsidwe mankhwala. Mawu amene ankadana nawo kwambiri ndi akuti aliyense akudziwa. Ukanena zimenezo pamaso pawo ankasiya kutafuna.

Sikuti ankadana ndi zamakono ayi. Anaphunzira kufufuza pa intaneti ali ndi imvi kale, akubaya ndi chala chimodzi, ndipo ankawakakamiza onse kuti aphunzire kupeza zimene ochita kafukufuku alemba. Koma ankati pepala lililonse ulifunse mafunso ngati mlendo wofuna malo: walilemba ndani, analilembera kuti, anthu ake anali otani, nanga kumeneko galimoto imafika mvula ikagwa? Tsiku lina anakangana ndi mphunzitsi wa ku Lusaka pamaso pa ophunzira onse chifukwa cha njira ina yosungira katemera imene inkafuna magetsi usana ndi usiku. Mphunzitsiyo anati kafukufuku watsimikiza. A Zgambo anangoloza babu limene linali litazima kuyambira m'mawa.

Sindifuna kuwayeretsa chifukwa choti amwalira. Anali ndi lilime lakuthwa, ndipo nthawi zina linkacheka anthu osalakwa. A Goma aja, amene anabwera kumaliro, anatha chaka chathunthu osalankhula nawo. Pa maphunziro ena a Goma ananena kuti matenda otsekula m'mimba m'dera lawo anabwera ndi anthu achilendo amene anali atangosamukirako. A Zgambo anawapatsa buku kuti awerenge mokweza midzi ya odwalawo. A Goma Chingerezi cholembedwa ndi dzanja chinkawavuta. Anachita chibwibwi, anthu n'kuyamba kuseka, a Zgambo osawaletsa. Titatuluka ndinawauza kuti achita nkhanza.

"Manyazi sapha munthu, asisita," anatero. "Madzi a pachitsime cha m'dera lawo ndiwo akupha."

"Nanga munthu mwamuchititsa manyaziyo adzakumverani za chitsimezo?"

Patapita nthawi yaitali ndinamva kuti anapalasa njinga mpaka kwa a Goma, n'kukhalako masiku atatu, awiriwo akuwerenga bukulo mzere ndi mzere pansi pa mtengo wa mango. A Goma anandiuza kumaliro kuti mawu akuti pepani sanatuluke m'kamwa mwa mdalayo mpaka tsiku lonyamuka. Anangowasiyira magalasi awo owerengera, ati iwo ali ndi ena. Chitsimecho a Goma anachitseketsa okha.

Ndinawaona komaliza mwezi umodzi asanamwalire. Maso anali atatheratu. Anandizindikira ndi mawu, n'kundigwira dzanja osalisiya. Sanafunse za ana anga, sanafunse za msewu. Anafunsa ngati anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa thengo akuwayang'anabe magazi pa galasi akapezeka kuti alibe malungo.

"Akuwayang'ana, adada," ndinatero.

Linali bodza. Munthu amene ankaidziwa ntchitoyo pa kachipatala ka kumeneko anali atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake anali asanakaonepo ndi maso ake kachilombo kamene amakafuna m'magazimo. A Zgambo anaika chala chawo pa mtsempha wa dzanja langa.

"Asisita, mwanama," anatero motsitsa mawu. "Zikomo, koma mwanama."

Funso limeneli linali ndi chiyambi chake, ndipo ine ndinalipo pamene linayamba.

Chinali chaka china mkati mwa dzinja. Maphunziro anali a sabata imodzi, ife tili pa tsiku lachinayi. M'gulumo munali a Mwape, ochokera ku Kitwe, munthu waulemu ndi wanzeru, amene nthawi imeneyo ankatsogolera komiti yoona za miliri. Galimoto yoyenda inali imodzi yokha, ndipo mawu omaliza a kumene ipite anali awo. M'mawa umenewo kunafika woyang'anira kachipatala kena ka kuseri kwa Kambombo, atanyowa mpaka m'chiuno, buku lake la odwala atalikulunga m'pulasitiki. Anati kwawo anthu akutentha thupi, mutu ukuwawa, mankhwala a malungo sakugwira, ndipo ena aikidwa kale m'manda.

A Mwape anagamula pomwepo. Maphunziro akatha, galimoto ipititse mankhwala ena a malungo ndi maneti. Tonse tinagwedeza mitu. Inali nyengo ya udzudzu.

A Zgambo anatenga buku lija, osalitsegula, n'kuliika patsogolo pa a Mwape kuti awerenge mokweza. Tinaganiza kuti ndi kaphunzitsidwe kawo ka masiku onse.

"Dzina limenelo simunaliwerenge kale?" anawadula pakati.

A Mwape anabweza masamba. "Lilipo kuno. Ndi kunonso."

"Anamuyeza malungo?"

"Anamuyeza. Sanapezeke."

"Anamupatsa chiyani?"

A Mwape anazengereza. "Mankhwala a malungo."

"Akuchokera mudzi uti?"

Anapitiriza choncho dzina ndi dzina. Anthu omwewo ankabwerera mobwerezabwereza, malungo osapezeka, ndipo pafupifupi onse ankachokera m'midzi yoyandikana ndi thengo la nyama, kumene kuli kashembe, ntchentche yoluma ija. Kashembe amapatsa anthu kaodzera, matenda amene amayamba ngati malungo, kenako amalowa kumutu munthu n'kumangogona mpaka kufa. A Zgambo anati tinyamuke mawa lomwe ndi maikulosikopu.

"Ba Zgambo, ndamva," anatero a Mwape. "Koma manje motoka ndi imodzi, mitsinje yadzaza, mawa kubwera alendo kudzapereka masatifiketi. Mufuna ndisiye zonse chifukwa cha kuganizira chabe? Inu nomwe mwatiphunzitsa sabata yonse kuti tisayende popanda umboni."

"Umboni uli m'magazi mwa anthuwo, a Mwape. Subwera wokha kuno."

"Tidzapita sabata yamawa."

"Sabata yamawa mukayeza ndani?"

A Mwape anatseka bukulo, kusonyeza kuti nkhani yatha. Pamenepo a Zgambo anachita chinthu chimene mpaka lero sindikonda kuchikumbukira. Mdala wa imvi, wa msinkhu wa bambo awo a Mwape, anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kugwada pansi pa simenti.

"Mkazi wanga, Nyakumwenda, anatentha thupi nyengo ngati ino," anatero. "Ine munthu wa mu labu, makina ndimawagwira tsiku lililonse, ndinati ndi malungo, aliyense akudziwa. Ndinamupatsa mapiritsi. Sanachire. Ndinamupatsanso. Kachitatu ndinamukalipira kuti sakumwa bwino mankhwala. Ndinamukalipira, a Mwape. Tsiku limene anagona chakudya chili m'kamwa ndi limene ndinatenga magazi ake kukayang'ana. Kaodzera anali atafika kale kumutu. Ine ndinalibe woti andigwadire. Inu muli naye."

Ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zambiri koma nkhaniyi sindinkaidziwa. Tinkangodziwa kuti mayi a kunyumba kwawo anamwalira kale. A Mwape anaimirira mwachangu mpaka mpando unagwa, n'kuwadzutsa ndi manja awiri.

"Dzukani, tate, dzukani. Musandichite tere. Tipita."

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku la masatifiketi, ine, a Zgambo, a Mwape, dalaivala ndi woyang'anira kachipatala uja. Titadutsa Kambombo galimoto inaima pa mtsinje wodzaza. Tinawoloka wapansi, madzi akufika pachifuwa. Bokosi la maikulosikopu analisenza a Mwape pamutu, malaya awo oyera a mwambo atasanduka ofiira ndi matope. A Zgambo ndinawagwira ine pamkono, ndipo ndinadabwa kuona mmene ankapondera mwamantha, akufufuza pansi ndi phazi ngakhale titafika kumtunda.

Wodwala woyamba anali mayi wina dzina lake Tiwonge. Anali atagona pamphasa pakhonde la kachipatalako. Khanda lake linkalira, ndipo amayi ake a Tiwonge ankaligwirizira pa bere la mwana wawoyo kuti liyamwe, mwini bere osadzuka. Mwamuna wake anaima chapatali chipewa chili m'manja. Anati anagulitsa mbuzi, anapita kwa asing'anga, anapita kwa abusa, manje sadziwa kopita.

Makina athu anali akale, aja a kagalasi kowalitsa ndi dzuwa, chifukwa kumeneko kulibe magetsi. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. A Zgambo anabaya chala cha Tiwonge, n'kudontheza magazi pa galasi mosaphonya, manja akuchita okha zimene anazolowera. Kenako tinayamba kudikira dzuwa. Magaziwo anauma, tinabayanso. Anaumanso. Amayi ake a Tiwonge anafunsa ngati tabwera kudzamuchiza mwana wawo kapena kudzangomubaya.

Chakumasana mitambo inang'ambika pang'ono. Tinabaya kachitatu, a Zgambo n'kuwerama pa makina. Anapotoza, anapotozanso. Anapukuta diso ndi mpango. Nthawi inkapita, mtambo wina ukubwera. Kenako anadzuka pang'onopang'ono.

"Sindikuona," anatero. "Chaka chino chonse ndikungoona utsi. Ndinkabisa."

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ankawerengetsera anthu ena mabuku. Ndinasuntha kuti ndiyang'ane ine, koma ananditchinga ndi dzanja.

"A Mwape, bwerani."

"Ine sindine wa labu, ba Zgambo."

"Muli ndi maso. Weramani. Mukuona tinthu tozungulira tambirimbiri?"

"Ndikuona."

"Amenewo ndi magazi. Asiyeni. Funani chinthu chachitali ngati kansomba, chimene chikukankha anzakewo. Musathamange. Sunthani galasi pang'ono."

A Mwape anakhala atawerama, thukuta likudontha pachibwano. Mwadzidzidzi anadumpha ngati alumidwa.

"Mayo! Chiyenda! Ba Zgambo, chiyenda!"

Ndinayang'ana nanenso. Kachilomboko kanalipodi, kakudzipinda ndi kudziwongola pakati pa magazi a mayi wogona uja. Tsiku limenelo tinayeza aliyense wotentha thupi amene anatha kufika, mpaka dzuwa linatikana. Tinakapeza mwa anthu enanso angapo. A Zgambo ankakonza magalasi, ife awiri tikusinthana pa makina.

Tiwonge tinamunyamula pa machila, a Mwape atagwira mbali imodzi pamodzi ndi mwamuna wake, mpaka kuwoloka mtsinje. Masiku amenewo mankhwala a kaodzera sankasungidwa pafupi, ankachita kuitanitsidwa kutali, ndipo misewu inali itaduka. A Mwape anaimba mafoni mpaka mawu anawathera. Mankhwala anafika Tiwonge atatsala mpweya wokha. Anamwalira tsiku lotsatira. Ena aja, amene matenda anali asanawalowe kumutu, anachira n'kubwerera kukalima.

A Mwape sanakhalenso mmene analili. Anayamba kufufuza okha zimene zinalembedwa za kaodzera, n'kumabwera nazo kwa a Zgambo kuti akambirane zimene zingatheke m'chigwa muno ndi zimene sizingatheke. Analemba ndondomeko yoti munthu aliyense wa m'midzi imeneyo amene watentha thupi koma malungo osapezeka, magazi ake ayang'anidwe pa galasi. Anamenya nkhondo kuti mankhwala azikhala pafupi. Pamsonkhano uliwonse ankafunsa anzawo kuti zimene akunenazo aziona pati. Ndinkaona a Zgambo akumwetulira kumbuyo, akutafuna mtedza. Imeneyo ndiyo nyengo yokha imene ndinawaona ali ndi mtendere.

Mvula ina isanagwe, a Mwape anasamutsidwa.

Ndine ndinawauza a Zgambo. Anakhala pa benchi nthawi yaitali manja ali pa mawondo. Kenako anafunsa dzina la wobwerayo, ndi tsiku limene maphunziro ena ayambe. Anayambiranso pachiyambi, ndi thumba lomwe lija la mabuku, tsopano njinga akuchita kuikankha chifukwa kupalasa sankathanso. Wobwerayo atayamba kumvetsa, nayenso anachoka. Anabwera wina. Ndondomeko ya a Mwape inakhalabe pakhoma mpaka pepala linachita chikasu, koma amene ankadziwa chifukwa chake ankachepa chaka ndi chaka. Tsiku lina, atatsanzikana ndi wophunzira wina amene ankamudalira kwambiri, anaponya thumba lija pansi.

"Ndikuphunzitsira anthu a ku Ndola, asisita!" anakuwa. "Ndikuphunzitsira a ku Kabwe! Nanga a kuno adzatsala ndi ndani? Kashembe sasamutsidwa."

Kenako anagwada n'kuyamba kufufuza mabukuwo ndi manja, kuwabwezera m'thumba limodzilimodzi. M'zaka zomaliza maphunziro ambiri anayamba kuchitikira kumatawuni akutali, ena pa kompyuta. Palibe anawachotsa a Zgambo. Anangosiya kuitanidwa. Kwa kanthawi ankabwerabe ku boma atavala jekete, n'kumafunsa ngati pali gulu latsopano. Atatopa anabwerera ku Tembwe.

Tsiku lotsatira maliro ndinatsalira kuti ndithandize achemwali awo kusanja katundu. Chakum'mawa kunafika bambo wina akukankha njinga, kumbuyo atakhazika mkazi wake, atamumangirira ku chishalo ndi chitenje kuti asagwe. Anaima pabwalo n'kuodira.

"Adada Zgambo alipo? Anthu andiuza kuti iwo amadziwa matenda osamva mankhwala."

Achemwali awo anayang'ana pansi. Ndinamuuza kuti tinawaika dzulo. Bamboyo anangoyang'ana chitseko ngati mwina atulukabe. Ndinamugwira mkaziyo pamphumi, anali moto. Ndinamuitana, anatsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Ndinalemba kakalata kuseri kwa pepala la nyimbo za pamaliro, kopempha kuti magazi ake ayang'anidwe pa galasi, n'kumuuza kuti apite ku boma lero lomwe, asaime paliponse.

"Mtsinje wadzaza, amama," anatero.

"Ndikudziwa. Pitanibe. Ine ndikupezani m'njira, ndingotenga chikwama."

Anapinda kakalatako, n'kukaika m'chipewa, n'kutembenuza njinga.

Ndikutuluka ndi chikwama ndinaima pang'ono pakhonde. Pakhomopo tsopano pangotsala zingwe. A Zgambo maso atatha anamangirira chingwe kuchokera pa mzati wa khonde kukafika kuchimbudzi, china kukafika kunkhokwe, china chachitali kukafika kumunda, kuti asamavutitse munthu wowatsogolera. Chimanga anadzala okha chaka chino motsatira chingwecho, ndipo chamera m'mizere yowongoka kuposa ya anthu openya. Udzu wayamba kale kuchipitirira. Chingwe cha kumunda chakuda pamene dzanja lawo linkadutsa, ndipo chifukwa cha mvula chalendewera mpaka kukhudza matope. Kumapeto kwake, pamzere umene analekezera kupalira, khasu lawo likadali chiimire m'nthaka.